Akhristu a ku Urakami: Zaka Zoposa 200 Popanda Wansembe

Chaka chatha, mvula itakokolola mlatho, padapita miyezi itatu ndisadafike ku nthambi ina ya parishi yathu. Tsiku limene ndidafikako, Misa itatha, agogo ena aamuna adandigwira dzanja nandiuza mosapsatira mau kuti, "Bambo, mwatitaya. Ana athu akungokula ngati mbuzi zosoŵa mbusa, chifukwa kuno kulibe wansembe." Sindidaŵatsutse, pakuti dandaulo lao linali loona: mkhristu ayenera kumva njala ya Ukaristia, ndipo ife ansembe tilipo oŵerengeka. Koma pobwerera, ndikukankha njinga yamoto m'matope, ndidakumbukira nkhani ina imene tidaphunzira ku seminale m'mbiri ya Mpingo, nkhani ya anthu amene adatha zaka zoposa 200 osaona nkhope ya wansembe. Ndafuna kuti ndiifotokoze pano, chifukwa eni ake a nkhaniyi ndinu atate ndi amai a m'mabanja koposa ife ovala mikanjo.

Mzinda wa Nagasaki, m'dziko la Japan, ambirife timaudziŵa chifukwa cha bomba loopsa limene lidaugwera mu 1945. Zimene ndiyambe nazo zidachitika zaka 80 bombalo lisadagwe. Pa nthaŵi imeneyo boma la Japan linali litangoyamba kulola azungu amalonda kukhala m'madoko angapo, ndipo lidaŵalolanso kumanga nyumba zao zopemphereramo, malinga eni dziko asatsate chipembedzocho. Motero ansembe a ku France adamanga tchalitchi pa malo otchedwa Oura, pa chitunda choyang'ana kunyanja. Anthu ankabwera kudzaona nyumba yachilendoyo, monga timachitira ifenso chachilendo chikafika pamudzi. Ansembewo ankadziŵa kuti kale m'dzikomo munali akhristu ambiri, koma ngati padatsala ndi mmodzi yemwe, iwo sankadziŵa.

Lachisanu pa 17 Malichi 1865, dzuŵa lili paliwombo, Bambo Bernard Petitjean adaona kagulu ka anthu ngati 15, amuna, akazi ndi ana, ataima pa khomo la tchalitchi. Adaŵatsekulira, iwo nkukagwada patsogolo pa guwa. Posakhalitsa amai atatu adadzagwada pafupi nao, ndipo mmodzi mwa amaiwo, mzamba dzina lake Yuri Sugimoto, adaika dzanja pamtima nanong'ona kuti onse amene anali pamenepo mtima wao unali umodzi ndi wa Bambowo. Adati kwao ndi ku Urakami, mudzi wa alimi kumpoto kwa mzindawo, ndi kuti kumeneko pafupifupi onse anali ndi mtima womwewo. Kenaka adafunsa kumene kunali chifanizo cha Santa Maria. Ataŵaonetsa chifanizo cha Amai Maria atanyamula Mwana Yesu, anthuwo adayamba kuulula zimene ankasunga: kuti ankakondwerera kubadwa kwa Ambuye pa 25 m'mwezi wa kuzizira, ndi kuti tsiku limenelo linali la 17 m'nyengo ya chisoni. Okonda masamu aŵerengere okha: chaka chimenecho Lachitatu la Phulusa lidagwa pa 1 Malichi. Alimi aja sadaphonye ndi tsiku limodzi lomwe la Lenti, chonsecho wansembe womaliza m'dziko mwao adaphedwa cha m'ma 1644.

Kuti timvetse zimenezi tiyenera kubwerera m'mbuyo. Uthenga Wabwino udafika ku Japan ndi Francis Xavier Woyera, amene adakocheza ku Kagoshima pa 15 Ogasiti 1549. Mbeu idamera msanga, kotero kuti patangopita zaka 60 akhristu adakwana ngati 300,000. Olamulira adayamba kuda nkhaŵa, poganiza kuti kumbuyo kwa amishoni kudzabwera asilikali a ku Spain ndi Portugal. Ndipo tinene zoona, nkhaŵa yaoyo inali ndi pogwira, poti ku Philippines, chapafupi pomwepo, Spain anali atalanda kale dziko. Pa 5 Febuluwale 1597 akhristu 26 adapachikidwa pa mitanda pa phiri la Nishizaka ku Nagasaki; mwa iwo munali Paul Miki Woyera ndi anyamata atatu, wamng'ono kwambiri wa zaka 12. Mu 1614 kudatuluka lamulo loletseratu Chikhristu m'dziko lonse. Amishoni adapirikitsidwa, matchalitchi adagwetsedwa, ndipo akhristu zikwizikwi adaphedwa, ena pootchedwa, ena popachikidwa chadodolido m'dzenje kwa masiku angapo.

Koma boma lidazindikira msanga kuti kupha kokha kumangolimbitsa mtima otsala. Tsono lidakonza msampha wa mtundu wina, woloŵerera m'moyo wa tsiku ndi tsiku. M'misika ndi pa mphambano lidaimika zikwangwani zolonjeza ndalama zasiliva kwa aliyense woulula wansembe kapena mkhristu. Mabanja lidaŵaika m'magulu a asanuasanu, kuti mmodzi akapezeka ali mkhristu onse alangidwe, choncho mnansi ankalonda mnansi mnzake. Banja lililonse linkayenera kulembetsa ku kachisi wa chipembedzo cha Buddha, ndipo munthu akamwalira, mwambo wa maliro ankayendetsa ndi mkulu wa kachisiyo. Pamwamba pa zonsezi panali mwambo wotchedwa fumie: kamodzi pa chaka, cha kumayambiriro kwa chaka chatsopano, anthu a m'dera la Nagasaki ankaitanidwa pamaso pa akuluakulu a boma kuti aliyense aponde ndi phazi chithunzi cha Yesu kapena cha Amai Maria. Zithunzi zoyamba zitatha ndi kupondedwa, boma lidasulitsa zina zamkuŵa. Ngakhale odwala ankaŵapititsira chithunzicho pamphasa.

Nanga moto udagona bwanji pansi pa phulusa lotere? Mai aliyense wakumudzi amadziŵa kuti moto sugona pa ziputu kapena pa mapesi, umagona pa chikuni. Akhristu a ku Urakami adasankha zikuni zao mwanzeru. Adagaŵana ntchito zitatu. Panali mkulu mmodzi wotchedwa chokata, wosunga kalendala ya Mpingo ndi mapemphero. Iyeyu ankaŵerengera masiku a Khirisimasi, Lenti ndi Pasaka potsata kalendala yakale ya 1634 imene makolo adaŵasiyira. Panali a mizukata, ndiye kuti anthu a madzi, amene ntchito yao inali kubatiza makanda. Panalinso a kikiyaku, amithenga, oyenda khomo ndi khomo ngati ongocheza, kukanong'oneza mabanja kuti sabata ino tsiku lakutilakuti ndi loyera, musadye nyama, musagwire singano, musathire manyowa m'munda. Udindo wa chokata ku Urakami udayenda m'banja limodzi kwa mibadwo 7, kuyambira pa Magoemon mpaka pa Kichizo, amene adagwidwa mu 1856 nafera m'ndende.

Onani kuchepa kwake kwa zimene anali nazo. Misa kunalibe, Ukaristia kunalibe, kulapa kwa wansembe kunalibe, kudzoza odwala kunalibe. Adatsala ndi zimene katekisimu amatiphunzitsa tonse koma ambiri tidaziiŵala: kuti pakasoŵa wansembe munthu aliyense angathe kubatiza, malinga athire madzi nanena mau ake oyenera ndi cholinga cha Mpingo, ndi kuti Mulungu amakhululukira wochimwa amene wamva chisoni chenicheni chifukwa chomukonda. Pambuyo pake Bambo Petitjean atafunsa obatiza aja kuti anene mau amene ankagwiritsa ntchito, adapeza kuti kwa ambiri mauwo adasungika bwino, ndipo ubatizo wao unali weniweni. Taganizani, mau a Chilatini, chinenero chimene palibe ndi mmodzi yemwe ankachimva, kuyenda kuchokera pakamwa pa agogo kufika m'khutu la mdzukulu kwa zaka 200, popanda buku la pasukulu kapena mphunzitsi wolipidwa.

Mapemphero ao ankaŵatcha orasho, dzina lochokera ku liu la Chilatini lotanthauza pemphero. Ankaŵaphunzitsa chapansipansi usiku, ndipo m'madera ena ophunzira ankachita kudzifunditsa zofunda kuti mau asatuluke kunja. Mwana sankamuuza chinsinsi cha banja mpaka atafika msinkhu wodziŵa kusunga pakamwa. M'nyumba zambiri munali chifanizo cha Kannon, amene a chipembedzo cha Buddha amamulemekeza ngati mwini chifundo ndipo nthaŵi zina amamuumba ngati mai wonyamula mwana. Wa boma akaloŵa ankaona Kannon, eni nyumba ankaona Maria. Pa maliro, mkulu wa kachisi akamaŵerenga mapemphero ake, akhristu ankanena mapemphero ao m'chipinda china kapena iye atachoka. Chikhristu chonse chidasamukira kumene boma silikadatha kuchilonda usana ndi usiku, ndiko kukhitchini, kumunda wa mpunga ndi pamphasa ya wodwala.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndimachedwapo nthaŵi zonse ndikamaiganizira, ndipo sindifuna kuibisa. Anthu ameneŵa ankaponda chithunzi chija. Chaka ndi chaka, bambo amene dzulo lake adaphunzitsa mwana wake pemphero la Atate Athu, ankaima pamzere kunyumba kwa mfumu, nafika, naika phazi lake pa nkhope ya Ambuye, mwana uja akuona, kenaka mwanayonso nkuponda. Akadakana akadaphedwa pamodzi ndi banja lonse ndi anansi omwe. Mpingo sudaphunzitsepo kuti kukana Khristu ndi phazi nkololedwa malinga mtima ukukhulupirira, ndipo amaritiri a ku Nishizaka adafera chimenecho. Akhristu obisalawo nawonso ankadziŵa zimenezi. Sadadzinamize kuti tchimo lao si tchimo. Pochokera kwa mfumu ankabwerera kunyumba mitu ili pansi, nakanena pemphero lalitali la kulapa limene ankalitcha Konchirisan, lochokera m'kabuku kamene amishoni adasindikiza mu 1603 kophunzitsa za chisoni chenicheni pamene wansembe palibe. Chaka chotsatira ankapondanso, nkudzalapanso.

Ndili ku seminale ndinkaŵaŵeruza anthu ameneŵa mosavuta, monga amachitira mnyamata amene sadayesedwepo. Zaka zochepa zimene ndakhala ndikumva anthu akulapa zandichepetsa pakamwa. Amaritiri ndiwo ulemerero wa Mpingo wa ku Japan, zimenezo nzosakayikitsa. Koma amene adafikitsa ubatizo ku mbadwo wa Yuri Sugimoto ndi anthu ofookaŵa, odziŵa kufooka kwao, amene adakana chinthu chimodzi chokha, kutaya mtima. Petro Woyera adakana Ambuye katatu pa moto wa m'bwalo la mkulu wa ansembe, ndipo ndi yemweyo adapatsidwa nkhosa kuti aŵete.

Ndikunena zimenezi chifukwa m'maparishi mwathu ndimakumana ndi matenda ena ake. Munthu akagwa, kaya ndi ukwati wosadalitsa, kaya ndi moŵa, kaya adapita kwa woombeza mwana atadwala, amati, "Ine ndiye ndidagwa kale," ndipo kuyambira tsiku limenelo amasiya zonse. Kutchalitchi sapita, kumphakati saoneka, ndipo choŵaŵa kwambiri nchakuti m'nyumba mwake mapemphero amadzulo amatha, korona imakapachikidwa pa msomali, ana nkumakula osadziŵa ndi chizindikiro cha mtanda chomwe. Amaganiza kuti kutero ndi kudzichepetsa. Kunena zoona akulanga ana ake chifukwa cha tchimo lake. Mlimi wa ku Urakami anali ndi chifukwa chachikulu koposa chodzionera wosayenera, komabe usiku womwewo ankagwada ndi ana ake. Bambo kapena mai amene sakulandira Ukaristia palibe lamulo lomuletsa kutsogolera korona pakhomo pake, kuphunzitsa mwana Tikuoneni Maria, kusala nyama Lachisanu la m'Lenti, kapena kukatungira madzi nkhalamba yodwala ya m'mphakati mwake, kwinaku akukonza zimene zidalakwika.

Komabe wina asamve ngati ndikuti wansembe ndi masakramenti nzosafunika, ndi kuti agogo anga aja adadandaula pachabe. Mbiri yomweyi ikutsutsa zimenezo. M'zaka zonse zija zambiri zidasokonekera. Mau ena a mapemphero adapotoka mpaka kusanduka phokoso lopanda tanthauzo, nkhani za m'Malembo Oyera zidasakanikirana ndi nthano za m'dzikomo, ndipo m'madera ena kulemekeza makolo amene adasunga chinsinsi kudakula kuposa chinsinsicho. Ansembe atabwerera, ambiri ndithu mwa akhristu obisala, makamaka pa chilumba cha Ikitsuki ndi m'madera ena a Goto ndi Sotome, sadafune kuloŵanso mu Mpingo. Adaona ngati kusiya machitidwe a makolo ao nkunyoza anthu amene adavutika poŵasunga. Zidzukulu zao zilipobe, zoŵerengeka ndipo zambiri nzokalamba. Sindiŵanyoza, mtima umandipweteka ndikaganiza kuti adadikira mlendo kwa mibadwo 7, mlendoyo atafika osamuzindikira.

Amene adamuzindikira ndi amene ankadziŵa kuti akudikira. Mwambo wao unkasimba za mphunzitsi wina wakale dzina lake Bastian, amene adalosa kuti ikadzapita mibadwo 7 kudzabwera ansembe omva kulapa. Makolo adasiyanso zizindikiro zodziŵira wansembe weniweni, ndipo anthu ochokera m'midzi yosiyanasiyana adadzaŵayesa nazo Bambo Petitjean: kodi amalemekeza Maria, kodi adatumidwa ndi mkulu wa ku Roma, kodi ali ndi mkazi ndi ana? Atamva kuti Bambowo sadakwatire, adakhutira. Obatiza ndi osunga kalendala aja sadadziyese ansembe. Palibe mmodzi mwa iwo ku Urakami adadzikonzera Misa yakeyake. Adagwira ntchito imene inali yao, ina nkuisiyira mwini wake ngakhale adachedwa zaka 200.

Kuno kwathu amishoni a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902. Ndiye kuti mabanja athu akale kwambiri m'Chikatolika ali pa mbadwo wachinai kapena wachisanu, sitidafike nkomwe pa 7. Ndipo tikafufuza bwino tipeza kuti nafenso ambiri tidalandira chikhulupiriro kwa aphunzitsi a m'midzi ndi kwa agogo athu aakazi, wansembe ankangofika kudzatsiriza. Miphakati imene idakhazikika m'zaka za m'ma 1970 idabwera kudzatikumbutsa zomwezo. Ife palibe wotiletsa, kalendala ya Mpingo ili pakhoma, mabuku a mapemphero alipo m'chinenero chathu. Funso limene ndimadzifunsa ndikamayendera mabanja ndi ili: m'nyumba muno wosunga kalendala ndani? Kaŵirikaŵiri ndimapeza kuti ndi mai yekha, bambo ali kubwalo la bawo.

Nkhani ya ku Urakami sidathere pa chimwemwe cha 1865, pakuti lamulo loletsa Chikhristu linali likadalipo. Atayamba kumva Misa mobisa ndi kulandira Ukaristia, anthu aja sadathenso kupirira moyo wapaŵiri. Mu 1867 adauza akuluakulu poyera kuti sadzaitananso mkulu wa kachisi pa maliro ao. Zidzukulu za anthu oponda chithunzi zidaimirira tsopano nkunena kuti ndife akhristu. Boma lidagwira atsogoleri ao, ndipo pakati pa 1868 ndi 1870 lidasamutsa mudzi wonse, anthu oposa 3,000, nkuŵamwaza m'zigawo ngati 20 za dzikolo. Kumeneko adazunzidwa ndi njala, kuzizira ndi zikoti kuti akane chikhulupiriro. Ena adagonja, ambiri adalimba, ndipo oposa 600 adafera komweko. Opulumuka ankangotchula zaka zimenezo kuti "ulendo". Maiko akunja atadzudzula kwambiri, boma lidachotsa zikwangwani zija mu 1873, ndipo anthu adabwerera kwao.

Adapeza nyumba zitaphwasuka, minda itamera tchire, zipangizo zitabedwa, mwakuti ena ankatipula nthaka ndi mapale. Chaka chotsatira mliri wa kamwazi utabuka, mai wina wobwera kuulendo kuja, Maki Iwanaga, pamodzi ndi anzake angapo adadzipereka kusamala odwala, kenaka nkuyamba kulera ana amasiye. Mu 1880 akhristuwo adagula malo oti amangepo tchalitchi, ndipo malo amene adasankha ndi bwalo la nyumba ya mfumu, pomwe paja makolo ao ankaponda chithunzi chaka ndi chaka. Ntchito yomanga idayamba mu 1895. Alimi osauka ankasonkha pang'onopang'ono ndi kusenza okha miyala ndi njerwa, ndalama zikatha ntchito nkuima, mpaka nsanja zake ziŵiri zidatha mu 1925.

Tchalitchi chimenecho chidaima zaka 20 zokha chitatha. Pa 9 Ogasiti 1945, nthaŵi itangopitirira 11 koloko m'maŵa, bomba lija lidaphulika pamwamba pa Urakami, mamita ngati 500 kuchokera patchalitchipo. M'katimo munali ansembe aŵiri ndi akhristu amene adabwera kudzalapa pokonzekera chaka cha Kutengedwa kwa Maria Kumwamba, onse adafa. Mwa akhristu ngati 12,000 a ku Urakami, pafupifupi 8,500 adatha ndi bombalo. Otsala adamanganso tchalitchi pamalo pomwepo, ndipo chidatha mu 1959.

Mmodzi mwa otsalawo anali dokotala Takashi Nagai. Iyeyu sadabadwire m'Chikhristu. Ali mwana wa sukulu ya udokotala ankakhala kwa banja la a Moriyama, zidzukulu za osunga kalendala aja, ndipo makhalidwe a pakhomopo ndiwo adayamba kumukoka. Adabatizidwa mu 1934 nakwatira mwana wao Midori. Tsiku la bomba iye anali kuchipatala, ndipo ngakhale adavulala m'mutu adakhala akuthandiza ovulala anzake mpaka pa 11 Ogasiti, pamene adapeza mpata wopita kunyumba. Nyumba idasanduka phulusa. Pamalo pamene panali khitchini adapeza mafupa a mkazi wake, ndipo pambali pake panali unyolo wa korona utasungunuka ndi moto. Adatola mafupawo, naŵaika m'chidebe, nakaŵaika m'manda.